Chitini cha a Tcheyamani

Lole inali itaima pabwalo pa a Tcheyamani, boneti ili yasaa. Amayi ovina anali atakwera kale, nsalu za chipani zili m'chiuno, ng'oma zili pamiyendo. Koma a Morris, dalaivala wa pa esiteti, anakanitsitsa kunyamuka.

"Mabuleki apita," anatero akupukuta manja. "Paipi imadontha, ndamanga. Koma mafuta onse atayikira m'njira. Mtsetse wa pa Likhubula uja sinditsika ndi anthu chonchi."

A Alufeyo Namakhwa, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'mudzi wa m'tsinde mwa Chambe, anayang'ana pamene dzuwa linafika. Nduna inali kubwera ku boma masana omwewo, ndipo nthambi iliyonse inayenera kufikitsa amayi ake nthawi yabwino. Tcheyamani wa kutsidya, amene amayi ake anachedwa chaka chatha, anaitanidwa kukayankha mafunso. Anabwerako alibe udindo, alibenso mano akutsogolo. A Alufeyo mano awo ankawakonda.

Kenaka nkhope yawo inawala. Chitini!

Mudzi wonse unkachidziwa chitinicho. Chinali cha mafuta a mabuleki, ndipo chinkakhala pamwamba pa kabati, pa kansalu koluka. Anachigula ku Limbe atangosankhidwa. Galimoto analibe, njinga yawo yomwe ankaimitsa ndi chidendene. Koma munthu woti mawa adzakhala phungu sadikira galimoto ifike kuti ayambe kukonzeka. Mlendo aliyense ankayamba waonetsedwa chitini asanapatsidwe madzi akumwa. Kuona kokha, kugwira ayi. Ngakhale eni akewo sankachigwira, poti tcheyamani sakwera pampando ngati mwana wakuba shuga. Wochipukuta fumbi anali mmodzi yekha, akazi awo a Malita.

"Mafuta alipo," anatero a Alufeyo mokweza, kuti anyamata a yufi amene anatsamira lole amve bwino. "Atsopano, osatsekula."

"Munagula liti?" anafunsa a Morris.

"Nditangosankhidwa."

A Morris anakanda kundevu. "Ngati sichinatsekulidwepo, zaka zitatu kaya zinayi si kanthu. Chimawononga ndi mpweya. Mukangotsekula amayamba kumwa chinyezi, ndiye mvula ya kuno mukuidziwa."

A Alufeyo anavula chipewa nasisita mutu wawo wosalala. Ha, zinthu zimawayendera anthu oona patali! Mutu womwewo unali umboni. Kale unali utadyeka ndi zipere mpaka ankagona ndi chipewa, ndipo ana a m'mudzimo mitu inali mbuu ngati agwera m'phulusa. Atangolowa paudindo zipere zinayamba kutha, pamutu pawo poyamba, kenaka nyumba ndi nyumba. Pamsonkhano uliwonse ankawerama kuonetsa anthu pamutu. "Zipere zili kuti? Chipani chathetsa!" Anthu n'kuwomba m'manja. Zoti a Malita ankawapaka kamankhwala kowawa, akuti kochokera kwa amalume awo ku Milanje, sankazitchula. Za akazi sizilowa m'nkhani za chitukuko.

"Amayi a Janeti!" anakuwa. "Tsitsani chitini!"

A Malita anaima pakhomo, akupotokola nsonga ya nsalu yawo.

"Abambo a Janeti, mafuta aja akalamba. Bwanji wina athamange pa njinga ku Chitakale akagule ena?"

A Alufeyo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Ku Chitakale! Wopitayo pobwera adzapeza nduna itadya kale, itasamba m'manja.

"Mwamva, anyamata? Mayi anu ayamba umakaniko!"

Anyamata a yufi anaseka nawo, poti tcheyamani akaseka sumuyang'ana chabe. A Malita anangotembenuka. Analowa m'nyumba, mpando unamveka ukukokedwa.

Anatuluka atanyamula chitini ndi manja awiri, akuyenda pang'onopang'ono ngati ali pamaliro. A Alufeyo mtima unakhala pansi. Ulemu wotere ndi umene chitinicho chinkayenera. Sanafulumire kulandira. Mwayi wolankhula pagulu sautaya munthu wandale, ngakhale dzuwa likukwera. Anawasiya akazi awo atagwada pamenepo, iwo n'kutembenukira ku lole.

Anawakumbutsa amayiwo za anthu ena a m'mudzi momwemo amene ankanong'onezana kuti tcheyamani wapenga, wagula mafuta galimoto alibe. Mayina ankawadziwa, koma lero sawatchula. Anati utsogoleri ndi kuona vuto lisanabadwe. Anati nduna ikamva kuti nthambi ya ku Chambe yapulumutsidwa ndi chitini cha tcheyamani wake, idzafuna kumudziwa munthuyo ndi maso. Pamenepo iwo anali ataiona kale galimoto yawo, yakuda, ikukwera mtunda wa kwawo mbendera ili petupetu.

"A Morris, bwerani muone nokha pakamwa pake."

A Morris anawerama nayang'anitsitsa chivindikiro. Kachitsulo komata kanali momwe kanachokera kufakitale, kopanda ngakhale kokanda.

"Ichi sichinatsekulidwepo," anavomera. "Tapulumuka."

Nthungululu zinasweka pa lole. Ng'oma inayamba kulira, amayi akuimba dzina la a Alufeyo m'nyimbo imene inali ya nduna. Mkuluyo misozi inalengeza ndi chimwemwe. Anakwinya manja a jekete, nalimbitsa mikono kuti alandire katundu wolemera.

Atangolandira chitinicho, manja anangouluka m'mwamba. Anachigwedeza pafupi ndi khutu: zii. Atachitembenuza anaona kabowo ka msomali kunsi kwake, komata ndi sopo.

"Nanga zipere za mudzi wonse zija," ananong'ona a Malita, maso ali pamutu pa amuna awo, "mumayesa chinazithetsadi ndi chipani?"

Lilime la a Alufeyo linapita lokha kukagwira mano akutsogolo.