Chala Chimene Mchere Sunadye

Kodi mwa zala khumi za amayi anga, mungalote kuti ndi chiti chinawapezetsa khadi la inshuwalansi ya okalamba?

Tinali mu ofesi ku Keta, ndipo makina ojambula zala anali atakana kale zala zisanu ndi zinayi. Popanda khadilo, opaleshoni ya maso awo ikanalephereka.

"Agogo Adzovi, zala zanu n'zosalala ngati sopo," anatero mlembi. "Mizere yake munaigulitsira kumodzi ndi mchere?"

"Mchere womwewo ndi umene wakunenepetsa, mwana iwe," anayankha amayi. Ntchito yokolola mchere m'dambo inali itafufuta mizere yonse.

Anthu pamzere anayamba kung'ung'udza.

"Chatsala chala chimodzi, amayi," ndinawanong'oneza.

"Icho ayi, Dzifa. Anthu andiseka."

Ndinachotsa nsalu imene anachibisamo n'kuchitsamiritsa pagalasi. Makina anayatsa getsi lobiriwira.

Chinali chala chaching'ono cha kumanzere, chimene chinathyoka ali mtsikana n'kuuma choloza kumwamba. Sichinkakhudza mchere akamagwira ntchito.