Tebulo la Matayala m'Sitima ya ku Durban

Panali munthu wina ku Kawale, mayi wamasiye dzina lake Zulaikha. Ntchito yake inali yokongoletsa m'nyumba za anthu: kusoka makatani, kukuta masofa, kusankhira eni nyumba mitundu ya penti. Shopu yake inali ku Mchesi, ndipo chuma chake chonse chinali mashini imodzi yaikulu, yosoka ndi chikopa chomwe, imene malemu amuna ake anamusiyira. Ana ake atatu ankadyera mashini imeneyo. Izi zinachitikadi mu 2006, mukafunse ku Mchesi akakuuzani.

Tsiku lina pa shopupo panafika bambo wina wa tayi, wolankhula mofatsa. Anati dzina lake ndi Leston.

"Amayi, mbiri ya manja anu yafika kutali," anatero. "Ine ndimagwira ku kampani yokonzanso sitima zakale zapamadzi ku Durban. Tikufuna munthu wokongoletsa zipinda za apaulendo. Pogona ndi chakudya n'zathu, ndipo simundipatsa ngakhale tambala."

Anatulutsa chithunzi n'kunena kuti ndi chipinda cha m'sitima imene anangomaliza kumene. Munali masofa ofiira, shelefu yodzaza matambula, ndi tebulo lagalasi la matayala. Zulaikha mutu unazungulira. Mumtima anati wakuba amayamba n'kupempha ndalama, uyu sanapemphe kanthu, ndiye kuti ndi munthu wabwino.

Mawa lake anamutengera mlendoyo ku Biwi kwa amalume ake, a Adamu, amene anagwira ukalipentala zaka makumi awiri kokonzera sitima ku Monkey Bay. Kunena zoona sankakafunsa nzeru ayi, ankakaonetsa.

A Adamu anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anamuyang'ana mlendoyo.

"Achimwene, tebulo la matayalali, mafunde akayamba limalowera kuti?"

"Aa, madala, sitima za kunja n'zazikulu. Sizigwedezeka ngati zanu za kunyanjazi."

"Chabwino. Nanga mabedi mumamanga ndi chiyani pansi?"

"Timangoika bwinobwino basi."

Leston atachoka, a Adamu sanabise mawu.

"Zulaikha, munthu uyu sanapondepo m'sitima. Ngakhale ikule bwanji, madzi amaigwedeza. Tebulo timalimanga pansi ndi mabawuti, m'mbali mwake timakhomera kathabwa kuti mbale zisatsetsereke. Shelefu yosatseka ngati ijayi, matambula onse angasweke musanachoke n'padoko pomwe. Chipinda chija n'cha pamtunda."

"Amalume, inu mumadziwa sitima zonyamula matumba a usipa," anayankha Zulaikha. "Awa ndi a ku Joni. Mukufuna ndifere ku Mchesi ndikukuta masofa a nsikidzi?"

Mwano, abale! Munthu woti wakalambira m'sitima n'kumuuza zimenezo.

Patapita sabata Leston anabweranso. Anati zida zimachedwa pa boda, choncho ziyenera kutsogola pa lole Lachitatu, anthu adzatsatire pa basi Loweruka. A Adamu atamva anapalasa njinga mpaka ku Mchesi, thukuta lili kamukamu.

"Ngati watsimikiza kupita, pita," anatero. "Koma mashini ikhale pamene uli iwe. N'chifukwa chiyani kampani yokonza sitima ilibe mashini yakeyake?"

Anachedwa. Mashini inali itakwera kale pa lole yopanda dzina la kampani, ndipo Zulaikha mwini ndiye anaikulunga m'bulangete kuti isakandike panjira.

Loweruka m'mawa anasiya ana kwa mng'ono wake n'kupita ku depoti, sutikesi pamutu, pasipoti m'chikwama. Pamalo pamene anauzidwa kuti adikire anapeza anthu ena atatu, aliyense ndi katundu wake: Medson, kalipentala wa ku Chinsapo, Leah, telala wa ku Mgona, ndi bambo wina wowotcherera zitsulo wa ku Area 23. Anapatsana moni mosangalala, ati tonse ndife a ku Durban.

Eyiti koloko inakwana, Leston osaoneka. Teni koloko, zii. Anamuimbira mosinthanasinthana, foni yosapezeka. Dzuwa litafika pamutu anthu anasiya kuseka, aliyense akumuyang'ana mnzake cham'mbali.

Leah ndiye anayamba kufunsa. "Pepani, kodi inunso zida zanu zinatsogola?"

Onse anagwedeza mutu kuvomera.

Medson anatulutsa chithunzi chimene Leston anamusiyira. Chinali chomwechija cha masofa ofiira. Anachiyandikiza kumaso, n'kuloza pa windo, pamene katani inatseguka pang'ono.

"Anthuni, taonani panjapa. Si mtengo wa mango uwu?"

Zulaikha anachilanda chithunzicho. Unalidi mtengo wa mango, ndipo pansi pake panaima galimoto. Anakhala pa sutikesi n'kuyamba kulira pakati pa anthu. Sankalirira Durban ayi, ankalirira mashini ya amuna ake.

Ku polisi anawauza kuti nambala ya lole ija inali yabodza. Leston sanaonekenso, mashini mpaka lero.

Zulaikha anapita ku Biwi akukoka miyendo, akuyembekeza kulalatiridwa.  Koma a Adamu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi singano yaikulu yokhota imene ankasokera matiresi a m'sitima, namupatsa m'manja.

"Ana adye," anatero.

Amene amadutsa ku Kawale amamuona Zulaikha pakhonde akusoka makushoni pamanja, zala zili zotupa. Ntchito imene mashini inkamaliza m'mawa umodzi, pano imamutengera masiku atatu.

Phunziro: Sikuti wakuba aliyense amapempha ndalama, ena amangofuna chida chimene chimakudyetsani. Mlendo akabwera ndi ntchito yokoma, mufunseni mafunso a ntchitoyo pamaso pa amene anaigwirapo, ndipo akalephera kuyankha, musamuteteze. Chida chanu chisakwere galimoto imene inuyo simunakwere. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa atelala, akalipentala ndi amisiri onse amene mukuwadziwa, lole ija isanaime pa shopu ya m'bale wanu.