Malaya Opsa ndi Simbi

Fungo la nsalu yopserera ndi limene linamutembenuza. Anathamangira kukachotsa simbi, koma malaya oyera a mwamuna wake anali atabooka kale pamsana, bowo loti chibakera n'kulowa. Anali malaya okhawo ooneka bwino, oti avale m'mawa womwewo kokafunsira ntchito ya udalaivala.

Mwamuna wake woyamba anamugulula mano awiri chifukwa cha kapu yosweka chabe. Uyu anali wachiwiri, banja la miyezi inayi yokha, ndipo mkwiyo wake anali asanauonepo.

Anayesa kupinda malayawo kuti bowolo libisike, koma zinakanika. Akuganiza zothawira kwa achemwali ake, chitseko cha kubafa chinatseguka.

"Mayi, mwamaliza kusita? Nthawi yandithera."

Mkaziyo anadzigwetsa pansi, mikono itaphimba kumutu.

"Pepani bambo, ndalakwa! Menyani kumsana, kumaso kokha ayi. Anzanga kuntchito akandifunsa."

Kenaka anamva dzanja likugwira lake mofatsa n'kulitembenuza.

"Chala ichi mwapsatu. Dzukani tikachiviike m'madzi ozizira."

"Nanga malaya anu?"

"Kumeneko akufuna dalaivala, osati malaya."

Mwamunayo anawatambasula, n'kusuzumira pabowopo ndi diso limodzi. Anaseka, koma m'maso muli misozi.

"Zikomo, mkazi wanga. Amenewa anandigulira mkazi wanga woyamba uja anandithawa. Zaka zitatu ndakhala ndikufuna kuwaotcha, koma mtima umakana."