Pamwamba Pamakhala Mmodzi

"Lembani kuti 'madiresi a ukwati', mayi, mudzionere nokha," anatero bambo wa kampani yotsatsa malonda pa intaneti, akukankhira foni yake pa tebulo lodulirapo nsalu.

Mayi telala analemba mosafulumira, akumuyang'ana cham'mbali. Pamwamba penipeni pa mndandanda wa mashopu panatuluka shopu ya mnzawo wa kutsidya kwa msewu, yemwe chaka chino anawalanda akwati onse.

"Amenewo tinawakweza ndife. Inunso tikuikani pomwepo."

"Mpando umodzi tikhalapo awiri?"

"Iwo atsikako pang'ono."

"Akudziwa?"

Bamboyo anangoseka, akukonza tayi. Mayiwo anamubwezera foni.

"Ndiye mawa mudzalonjezanso wina malo angawo. Pitani bwino, achimwene."

Bamboyo sanakakamire n'komwe, ndipo zimenezo zinawakayikitsa kwambiri mayiwo. Anasuzumira pawindo, kuseri kwa chidole chovala velo. Bamboyo anawoloka msewu n'kuima pakhomo pa mnzawo uja, akuloza shopu ya mayiwo ndi nkhope ya munthu wodzanena maliro. Mayiwo mawu sanawamve, koma anawadziwa: telala uyo akufuna malo anu.

Mnzawoyo anagwira pachifuwa, kenako anamukokera bamboyo m'kati mwachangu, ngati pali wina wofuna kumulanda.