Nandolo wa Malemu Esteri

Angella analowa m'sitolo ya amwenye ya pa Chitakale dengu lili pamutu, nkhope ili ndwii. Sanabwere kudzagula. Anabwera kudzagwira wakuba.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri wakhala akugulitsa nandolo wokazinga pamsika wa Limbuli. Nandolo wake ukaponya mkamwa umayamba wamva mchere, kenako kuwawasa, kenako kutsekemera, tsabola n'kubwera pomaliza ngati mlendo wochedwa. Kakazingidwe kameneka anamusiyira ndi mayi ake, malemu a Esteri. Munda sanamusiyire, nyumba yamalata ayi, koma chinsinsi chokhachi, chimene ankati chinachokera kwa makolo awo ku Mozambique. "Ichi n'cha mtundu wathu," ankatero mayiwo. "Ukadzauza munthu, wadzivula wekha chitenje pamsika."

Angella anauzapo munthu mmodzi yekha, Sophie, mnzake wa kuubwana. Inali nthawi imene anali chigonere atabereka mwana wachiwiri, ndipo Sophie anamukazingira mwezi wathunthu kuti ana asagone ndi njala. Chaka chatha sitoloyi itatsegulidwa, Sophie anapezamo ntchito yogulitsa. Ndiye sabata yapitayi a Kingstone, oyendetsa kabaza, amene sankadutsa osagula kapu, anangoima pabenchi pake manja ali m'thumba.

"Alamu, nandolo wanu uja akupezeka kwa amwenye," anatero. "Wa m'mapaketi owala. Kukoma kwake ndendende."

Kuyambira tsikulo dengu linkabwerera kunyumba lili ndi theka.

M'sitolomo munali fungo loti ngakhale wokwiya amameza malovu. Angella anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mashelefu. Panali chevuda, tokazinga tachikasu tosakaniza ndi mtedza ndi mphesa zouma. Panali masamusa otentha m'kabokosi kagalasi, timitanda toyera ta mkaka tofewa ngati sopo watsopano, ndi zina zofiira zopotanapotana zikuchucha madzi a shuga. Panali mango ouma owaza mchere ndi tsabola, zimene anaona kuti ndi kuwononga mango. Zambiri mwa izi anali asanalawepo chibadwire, ndipo tsiku lina akanafunsa mayina ake. Lero maso ake ankasaka chinthu chimodzi.

Anachipeza pashelefu yapansi. Anatula dengu, anang'amba paketi asanalipire n'komwe, n'kuponya tinjere titatu mkamwa.

Mchere. Kuwawasa. Kutsekemera. Tsabola pomaliza.

Zinamuwawa kuposa tsiku la maliro, chifukwa pamaliro paja anadzitonthoza kuti mayi apita koma dzanja lawo latsala ndi iye. Lero dzanja lija linali litapanikizidwa m'pulasitiki, aliyense wodutsa n'kumatola.

"Achemwali!" Sophie anatulukira kuseri kwa kauntala akumwetulira. "Mwatipeza lero? Kunyumba kuli bwanji?"

"Usanditchule chemwali iwe." Angella anamuponyera paketi ija pachifuwa, nandolo n'kumwazika pasimenti. "Anakupatsa zingati? Ntchito imeneyi unagula ndi thukuta la mayi anga eti?"

"Mukunena chiyani? Ine ndimangogulitsa. Kukhitchini kwawo sindinapondeko ndi tsiku limodzi lomwe."

"Bodza! Padziko lonse tikudziwa ndife awiri. Ndinakuuza ndili pamphasa, ndikukuyesa m'bale wanga. Zoonadi, kamba amanyerera womtola."

Amayi awiri amene ankasankha masamusa anasiya, n'kutembenuka kuti aonere bwino. Pakhomo panali patadzaza kale mitu. Sophie anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe, ndipo kwa Angella misoziyo inali umboni wokwanira. Munthu wosalakwa amalira chiyani?

Katani ya kuseri inasuntha. Munatuluka mayi wachimwenye wokalamba, mayi ake a mwini sitolo, tsitsi lili mbuu, manja ali mafuta okhaokha. Anayang'ana nandolo womwazika pansi, kenako anayang'ana dengu.

"Phokoso la chiyani m'sitolo mwa mwana wanga?" anafunsa m'Chichewa chosakayikitsa.

"Mwandibera, mayi," Angella anayankha. "Nandolo uyu ndi wa kwathu. Wantchito wanuyu wakugulitsani chinsinsi cha malemu mayi anga. Ana anga adya chiyani?"

Gogoyo sanakwiye. Anatambasula dzanja. "Ndilaweko wanuyo."

Angella anavundukula dengu n'kumutapira. Gogo anatafuna nthawi yaitali maso atatsinzina.

"Mwanyika usiku wonse m'madzi a bwemba," anatero. "Mwayanika pamthunzi, osati padzuwa. Mwakazinga kawiri. Shuga mwathira mutaphula kale."

"Mwamva anthuni?" Angella anatembenukira a pakhomo aja, chala chikuloza Sophie. "Wawauza zonse! Sanasiyeko ndi kamodzi komwe!"

"Mayi anuwo anali ndani?"

"A Esteri. A kwa Milonde."

Gogo anatsegula maso. Anamuyang'anitsitsa Angella pamphumi, pamphuno, mpaka pachibwano, kenako anakhala pansi pathumba la mpunga ngati munthu amene wayenda ulendo wautali.

"Esteri wamfupi, wa mpata m'mano? Anagwira ntchito m'khitchini mwanga ku Limbe zaka zisanu ndi zinayi. Nandolo ameneyu anandiphunzitsa ndi agogo anga, ine n'kuphunzitsa Esteri yekha, atagwira Baibulo lake kuti sadzauza munthu. M'mawa wina ndinapeza chipinda chake chili pululu. Mpaka lero ndinkadabwa kuti ndinamulakwira chiyani."