Mtovu M'thumba la Marnie

Hatchi inapambana mpikisano wothamanga ndi mphuno yokha. Marnie, mtsikana woisamalira, anali atangogwira chingwe chake pamene anamva chinthu cholemera m'thumba la jekete.

Anapisamo dzanja. Unali mtovu, kachidutswa koyenera kukhala pansi pa chishalo kuti kulemera kwa wokwera kukwanire. Kanagwa pamene Marnie ankamanga chishalo pa hatchiyo, mpikisano usanayambe. Atangokatola, Lachie, wokwera hatchiyo, anadutsa n'kumufinya chala mobisa, chala chimene chinkadikira mphete imene ankaidziwa awiri okha. Marnie anangokaponya m'thumba n'kuiwala zonse.

Kuseri kwa mpanda anthu ankakangana.

"Mnyamata uja anagona m'njira," anatero a Dunphy. "Hatchi yosagonja ngati iyi n'kupambana ndi mphuno? Bola ndikanakwera ine."

"Inuyo, achimwene, ndi mimba imeneyo?" anaseka mayi Bev. "Anadikira dala. Ali ndi mutu mwana uja."

Lachie anatsika, namasula chishalo, nachikoleka pamkono. Mwa lamulo, palibe woyenera kumukhudza kapena kumupatsa kanthu mpaka atakwera pasikelo ndi chishalocho. Akapepuka, hatchi ilandidwa chipambano, iyeyo n'kuimitsidwa ntchito.

Marnie anafuna kumuitana, koma akuluakulu awiri a mpikisano ankayenda pambali pake.

Lachie anamutsinzinira diso, nakwera pasikelo akumwetulira.

Woyeza anayang'ana manambala. Anavula magalasi, nawapukuta, nayang'ananso. Kenako anakodola mnzake.

"Mwaona, mayi," anatero a Dunphy. "Akumuyamikira."

Lachie anatembenuka pang'onopang'ono, maso ake akufunafuna amene anamanga chishalo.