Masaya a Ndaziona

Nankhoma ankangosesa pabwalo posesa kale, maso ali kunjira. Holide imeneyi ana a sukulu ankakadya kushedi ya mudzi, kumene makina ankawagawira nyemba, mbatata yofiira ndi dzira. Lamulo linali limodzi: aliyense adye yekha, atsirize pompo, kenako akwere pasikelo. Sikelo ikapanda kukhutira, kachibangili ka pamkono kankafiira. Kakafiiranso kachiwiri, mwanayo basi, asadzapondenso kushediko.

Ndaziona, mwana wake woyamba, anatulukira kuseri kwa nthochi masaya ali otupa, osalankhula ndi munthu. Anagwada pafupi ndi mlongo wake Lonjezo, amene anali asanafike msinkhu wa sukulu, nalavulira dzira lophika m'kadzanja ka Lonjezoyo. Kachibangili ka Ndaziona kanali psuu.

"Iwe, kafiira liti aka?" anafunsa Nankhoma, tsache lili pansi.

"Lero, amayi. Akuti sindikunenepa."

Nankhoma anayenda mpaka pankhokwe yopanda kanthu, nabwerera, namasula chitenje n'kuchimanganso. Si iye yemwe amene anaphunzitsa mwanayu kuti ngakhale mtedza umodzi amaubanthula pakati? Koma Ndaziona akachotsedwa, anjala pakhomopo akhala awiri.

"Kuyambira mawa uzimeza zonse konko. Wamva?"

"Nanga Lonjezo?"

"Uzimumana."

Nankhoma anawerama natola tsache lija. Ndaziona anangoyang'ana pansi.

Lonjezo sanamve kanthu. Anabanthula kadzira kaja ndi zala zafumbi, natambasula dzanja.

"Amayi, kwayani chanu."